Magalasi Oonera Kutali Asakhale Goli Pakhosi la Mlimi

Kuno kwathu ku Mkaika luso lonyamula katundu tinabadwa nalo. Mayi wochokera kudambo amapinda nkhata, nasenza ndowa ya malita 20 mpaka pakhomo. Mwana amaberekedwa ndi chitenje, kulemera kwake n'kugawikana pamapewa, pamsana ndi m'chiuno, kotero kuti mayi amapalira mzere wonse mwanayo ali m'tulo. Anyamata amamanga matumba a mtedza panjinga ndi malegeni, nakafika nawo pa Katete boma osagwetsa ndi limodzi lomwe. M'mwezi wa Ogasiti, pamene mafumu a Achewa ochokera m'Zambia, m'Malawi ndi m'Mozambique amasonkhana pamwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi, njira zonsezi zimaoneka tsiku limodzi m'misewu yolowera kuno. Mwa zonsezo simudzaona munthu atapachika cholemera m'khosi ndi kachingwe kopyapyala. Goli ndi la ng'ombe, pakuti khosi la ng'ombe linaumbidwira zimenezo.

Koma magalasi oonera kutali, amene ena amawatcha mabainokyula, amatifika ali ndi kalamba kamodzi kowonda kokoleka m'khosi. Pamalo athu a maphunziro taona kuti wophunzira amawanyamula mokondwa tsiku loyamba, tsiku lachiwiri amawagwirira m'manja, ndipo pofika lachitatu amawasiya pakhoma. Chida chimene chimapweteka mwini wake chimatsala kunyumba, ndipo munda umakhala wopanda woupenya. Nkhani ino ikufotokoza njira zitatu zosokera chonyamulira magalasiwa ndi zinthu zopezeka pakhomo, kuti katundu achoke pakhosi apite pamene thupi limatha kumusenza.

Kodi mlimi amawafuniranji?

Ambiri timaganiza kuti magalasi amenewa ndi a alendo opita ku Mfuwe kukaona nyama m'nkhalango ya South Luangwa, kumene malemu Norman Carr anayambitsa maulendo oona nyama poyenda pansi. Zoonadi kumeneko ndiko amaoneka kwambiri. Komatu ntchito ya mlimi nayonso imayamba ndi kupenya, ndipo zambiri zimene tiyenera kuona zili kumene mapazi safika msanga.

Woweta njuchi ndiye woyamba kupindula. Ming'oma yambiri masiku ano imapachikidwa m'mitengo, monga mmene bungwe la COMACO limaphunzitsira alimi a m'chigawo chino cha Kum'mawa. Munthu ataima patali amatha kuona ngati njuchi zikulowa ndi kutuluka pakhomo la mng'oma, ngati chivundikiro chasuntha, kapena ngati waya wopachikira wayamba kutha, zonsezi popanda kukwera mtengo kapena kuputa njuchi. Woweta ng'ombe amawerenga ziweto zake zili tsidya lina la dambo. Amene minda yawo ili m'mphepete mwa mapiri, monga kufupi ndi phiri la Mphangwe kapena m'zitunda za ku Vubwi, amadziwiratu kumene anyani akutsikira. M'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, utsi ukafuka chakutali, magalasi amatiuza ngati motowo ukulunjika kunkhalango yathu kapena ukupita kwina. Mapira ndi mpendadzuwa zikamakhwima, amatithandiza kudziwa mbalame zimene zikudya mbewu ndi mtengo umene zimagonamo, kuti tisalimbane ndi akakowa ndi akadzidzi amene amatithandiza podya tizilombo ndi mbewa.

Pali ntchito inanso imene ambiri saidziwa. Mukawatembenuza magalasiwa, n'kuyang'anira kudiso lalikulu la kutsogolo, kenaka n'kuyandikiza kwambiri kadiso kakang'ono pa chinthu chimene mukufuna kuona, amakuza zinthu zazing'ono. Izi n'zofunika pofufuza mbozi za ntchemberezandonda zachilendo, zimene zinalowa m'dziko muno chakumapeto kwa chaka cha 2016, n'kuvuta kwambiri mpaka boma linagwiritsa ntchito ndege za asilikali ponyamula mankhwala. Mbozi imeneyi imadziwika ndi chizindikiro chonga chilembo cha Y chozondoka pamutu pake, ndi timadontho tinayi takuda tondandalikana ngati ngodya zinayi za nyumba chakumchira kwake. Bungwe la FAO limalangiza kuti poyendera munda wa chimanga tiziyenda ngati tikulemba chilembo cha W, kuima malo asanu, ndi kuyang'ana mapesi 10 pamalo alionse. Ndiko kuwerama kokwana ka 50 paulendo umodzi. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma munthu sangadekhe pamene chinthu chikumugunda pachifuwa nthawi iliyonse akawerama.

Chifukwa chake khosi limadandaula

Pa magalasi alionse pamalembedwa manambala awiri, monga 8x42 kapena 10x50. Yoyamba imanena kuti chinthu chimaoneka pafupi kangati, ndipo yachiwiri ndi kukula kwa diso la kutsogolo m'mamilimita. Diso likakula, kuwala kumalowa kochuluka, koma kulemera nakonso kumawonjezeka. Magalasi a 8x42 ambiri amalemera pakati pa magalamu 600 ndi 800, pamene a 10x50 ena amayandikira kilogalamu yathunthu. Yerekezani kuti mwapachika paketi ya shuga m'khosi ndi chingwe cha nsapato kuyambira m'mawa mpaka dzuwa lili paliwombo.

Mavuto ake ndi atatu. Loyamba n'lakuti kalamba kowonda kamaunjika kulemera konse pamalo aang'ono, pamene pali thukuta, n'kumadya khungu. Lamba wotakata masentimita 5 amagawa katundu yemweyo pamalo ochuluka kasanu kuposa wa sentimita imodzi. Lachiwiri n'lakuti khosi lili kale ndi ntchito yosenza mutu, umene mwa munthu wamkulu umalemera pafupifupi makilogalamu 5. Cholemera chikamalikokera kutsogolo, minofu ya kumbuyo kwa khosi imakhala yokungika tsiku lonse, ndipo madzulo munthu amamva kuwawa m'mapewa ndi m'mutu. Lachitatu ndi kulendewera. Powerama magalasi amagunda mpini wa khasu, mwala kapena dothi. M'kati mwake muli timagalasi tokhotetsa kuwala timene tinaikidwa molunjika bwino. Tikasuntha pang'ono pokha, munthu amaona zinthu ziwiriziwiri, maso n'kuyamba kupweteka. Kukonza kwake kumafuna mmisiri wa zimenezi ndi zida zake, ndipo nthawi zambiri magalasi otere amangotayidwa.

Phunziro tilitenge pa pampu yopopera mankhwala ya kumsana. Ikadzaza malita 16 imalemera kuposa magalasi kambirimbiri, koma mlimi amayenda nayo munda wonse chifukwa ili ndi malamba awiri otakata ndipo imakhala yogundana ndi thupi. Malamulo ake ndi omwewo: lamba akhale wotakata, katundu akhale pamapewa, ndipo asalendewere.

Njira yoyamba: lamba wotakata wopingasa

Iyi ndiyo yapafupi, ndipo imatheka madzulo amodzi. Dulani nsalu ya chitenje cholimba kapena ya buluku la jinzi la pasalaula, yotalika masentimita 60 ndi yotakata masentimita 14. Ipindeni pawiri m'litali mwake, musoke m'mbali, muitembenuze, ndipo mupeza lamba wotakata pafupifupi masentimita 6. M'kati mwake lowetsani kachidutswa ka siponji ya matiresi akale kapena thonje lochotsedwa njere, kenaka musoke mizere iwiri m'litali kuti zam'katizo zisamaunjikane mbali imodzi. Kunsonga zonse ziwiri sokereraniko tilamba towonda tochokera pa chikwama chakale cha mwana wa sukulu, pamodzi ndi kachitsulo kapena kapulasitiki kake kofupikitsira ndi kotalikitsira.

Chinsinsi chili pa kavalidwe. Lowetsani mutu ndi mkono umodzi, kuti lamba adutse paphewa limodzi n'kupingasa pachifuwa monga mmene timavalira chikwama cha m'mbali. Magalasi amakhala panthiti, pansi pa mkono, ndipo chigongono chimawagwira mukamawerama. Utali wake ukhale woti muthe kuwakoka mpaka kumaso popanda kuvula lamba. Pakapita ola limodzi kapena awiri, sinthani phewa.

Njira imeneyi ndiyo yoyenera amayi amene abereka mwana, pakuti siifuna chilichonse chomangidwa pakati pa msana. Valani lamba musanabereke mwana, magalasi akhale chakutsogolo kwa nthiti kumene timiyendo take sitifika.

Njira yachiwiri: zomangira za pamapewa onse awiri

Mutu umodzi susenza denga, ndipo phewa limodzi nalonso limatopa ulendo ukatalika. Kwa amene amayenda tsiku lonse m'nkhalango ya ming'oma kapena kumapiri, njira yabwino ndi yogawa katundu pamapewa onse awiri. Zomangira zotere zimagulitsidwa m'masitolo a m'mizinda, ndipo alendo ambiri oona mbalame amazivala, koma mpangidwe wake ndi wosavuta kuutsanzira.

Tengani chubu chakutha cha njinga yaikulu. Mukachotsa pamene pali valavu, chimatsala chotalika pafupifupi mamita awiri. Ching'ambeni m'litali, mudulepo mzere wotakata masentimita awiri ndi theka, muutsuke ndi sopo n'kuuyanika pamthunzi. Poudula gwiritsani ntchito sizasi yakuthwa kuti m'mbali musakhale mano, chifukwa malegeni amayambira kung'ambika pamene pali kabala. Sokani timatumba tiwiri tataliatali ta nsalu, kalikonse masentimita 35, ndipo mutilowetse pamzerewo. Ndito tidzakhale pamapewa kuti mphira asamatenthe khungu kapena kudetsa malaya. Lowetsaninso mphete ziwiri za makiyi.

Tsopano lumikizani nsonga ziwiri za mzerewo kuti ukhale wozungulira. Pozilumikiza zisanjikeni masentimita 5, muzimange zolimba ndi kalegeni kowonda monga mmene timamangira legeni yoponyera miyala. Singano imaboola mphira ndipo pabowolo ndi pamene amadukira. Potozani chozunguliracho kamodzi kuti chioneke ngati nambala 8, mphete imodzi ikhale mbali iyi, ina mbali inayo. Pamene mizere yapingasana mangani kachikopa ka mbuzi kofewa kapena nsalu yopindidwa kanayi, kuti mphambanoyo isamayendeyende. Valani ngati mukuvala jekete: mkono uliwonse ulowe m'bowo lake, mphambano ikhale pakati pa mapewa kumsana, ndipo mphete ziwirizo zigwere pachifuwa. Pamphetezo ndi pamene mumangirirepo magalasi.

Malo abwino a magalasi ndi pafupa la pakati pa chifuwa. Akatsika kufika pamimba ndiye kuti mzere watalika, ndipo muufupikitse. Mukamva kuti ukudya m'khwapa kapena ukukupanikizani popuma, wafupika. Matupi amasiyana, choncho yezani pa munthu amene adzavale musanamange komaliza. Ubwino wa malegeni ndi wakuti mukakweza magalasi kumaso amatamuka n'kumakokera pansi pang'ono, ndipo kukoka kumeneko kumachepetsa kunjenjemera kwa manja. Izi zimathandiza kwambiri pa magalasi a nambala 10, amene amakuza chinthu pamodzi ndi kugwedera kwa dzanja lomwe. Mukawasiya amabwerera okha pachifuwa, manja onse awiri n'kukhala omasuka kugwira khasu kapena tsamba la chimanga.

Amene ali ndi malamba a chikwama chakale angapange chimodzimodzi ndi nsalu yokhayokha, n'kuika tizidutswa ta malegeni ta masentimita 15 pakati pa mphete ndi magalasi. Achinyamata a Pathfinder amene amapita kukaphunzira za mbalame awasokere zofupikirapo, ndipo mphambano ikhale yotheka kumasula, poti mwana amakula msanga.

Njira yachitatu: kathumba ka pachifuwa

Njira ziwiri zoyambazo zimathetsa kupweteka, koma magalasi amakhalabe pamtetete. Kuno kwathu adani awo ndi awiri: fumbi la chilimwe ndi mvula ya dzinja. Kathumba kamateteza ku zonse ziwiri.

Dulani mwendo wa buluku la jinzi chakumunsi, utali wake upose wa magalasi ndi masentimita 15. Sokani kumunsi kuti kutsekeke. Kumwamba dulani mbali imodzi mofupikitsa, kuti mbali yotsalayo ikhale chivundikiro. M'kati ikani nsalu yofewa ya sikipa yakale, ndipo pakati pa nsalu ziwirizo mulowetse nsalu ya ambulera yothyoka, imene siilowa madzi msanga komanso siilemera. Musagwiritse ntchito thumba limene munali feteleza kapena mankhwala a mbewu, chifukwa zotsalira zake zimachititsa dzimbiri ndipo zingakufikeni m'maso. Chotsekera chikhale batani lalikulu ndi kachingwe kokolera, choti mutha kutsegula ndi dzanja limodzi. Zotsekera zomata zija zimalira pomatula ndipo zimathawitsa mbalame. Pangodya zinayi za kumbuyo kwa kathumba sokani timakutu ta nsalu, ndipo mumangirirepo malamba opingasana kumsana monga m'njira yachiwiri, awiri odutsa pamapewa ndi awiri odutsa panthiti.

M'kati mwa kathumba sokereranimo kachingwe ka masentimita 50 komangirira magalasi, kuti akapulumuka m'manja asafike pansi. Kutsogolo kwake mungawonjezere kathumba kena kakang'ono koikamo pensulo ndi kabuku kolembamo zimene mwaona m'munda. Mlimi amene waona mbozi pamapesi 12 mwa 50 n'kulemba, sabata yotsatira amadziwa ngati vuto likukula kapena likuchepa.

Polumikizira ndi kuyesa

Chonyamulira chilichonse chimadukira polumikizira, choncho apa ndi pofunika kusamala kwambiri. M'mbali mwa magalasi muli timakutu tiwiri tolowetsamo lamba. Musalowetsemo waya kapena mphete yachitsulo, chifukwa chitsulo chimadya kakhutuko pang'onopang'ono mpaka kuthyoka. Lowetsanimo kachingwe ka nayiloni kopindidwa pawiri, muwauleko nsonga zake ndi moto kuti zisamasuke, ndipo kachingweko ndiko kamangidwe kumphete. Posoka pamene malamba akumana, sokani mozungulira ngodya zinayi kenaka mupingase pakati, pogwiritsa ntchito ulusi wosokera nsapato. Ngati singano yanu ikukanika, telala kapena wosoka nsapato wa pamsika wa Katete kapena wa Sinda angakusokereni m'kanthawi kochepa.

Musayambe ndi magalasi enieni poyesa. Mangiriranipo botolo la madzi la lita imodzi, limene limalemera kilogalamu, ndipo muyende nalo ola lathunthu. Weramani ngati mukupalira, lumphani ngalande, kwerani njinga. Pamene pakupweteka onjezani siponji, pamene pakulendewera fupikitsani, ndipo pamene ulusi waonetsa kumasuka sokaninso. Magalasi ochepa amene tili nawo pamalo pano amabwerekedwa ndi ophunzira ambiri, ndipo akagwa kamodzi onse ataya. Pepani sapoletsa chilonda.

Zoyenera kukumbukira

Chilichonse chovalidwa pathupi chingakodwe. Vulani magalasi ndi zomangira zake musanayandikire chigayo, makina otongolera chimanga, kapena thirakitala imene ikulira. Lamba akakodwa pa chinthu chozungulira amakoka munthu yense. Pachifukwa chomwecho, ana asapachikidwe m'khosi chingwe cha nayiloni chimene sichingaduke chikakodwa panthambi.

Tsiku lopopera mankhwala magalasi atsale kunyumba, chifukwa chinthu chimene chidzagunde kumaso sichiyenera kunyowa ndi mankhwala. Musayang'ane dzuwa ndi magalasi ngakhale kamphindi, pakuti kuwala kokundikidwa kumawotcha diso ndipo silichira. Muwachenjeze ana za ichi musanawapatse. Paulendo wa panjinga kapena wa pangolo, magalasi akhale pathupi panu. Mukawamanga pakaliyala kapena pahandulo, kugwedezeka kwa msewu kumasuntha timagalasi ta m'kati mofanana ndi kugwa.

Malegeni amafumbwa ndi dzuwa. Mwezi uliwonse atamuleni n'kuyang'ana ngati aonetsa timing'alu, ndipo mukationa sinthani mzere wonse. Chubu chakutha sichisowa kwa okonza njinga. M'dzinja, mukabwera kumunda, tulutsani magalasi m'kathumba, zonse ziwiri ziume pamthunzi podutsa mphepo. Magalasi otsekeredwa ali achinyezi amamera nkhungu m'kati, ndipo nkhungu imeneyo siichoka ndi nsalu. Timapaketi tija toyamwa chinyezi timene timapezeka m'mabokosi a nsapato zatsopano n'tothandiza mukatiika m'malo osungiramo. Popukuta maso a magalasi, yambani mwauzira fumbi kuti lichoke, kenaka mupukute ndi kansalu kofewa koyera, chifukwa mchenga wotsalira umakanda galasi.

Ndi njira iti imene mungasankhe? Woyendera munda wa pafupi ndi nyumba, ndi mayi wobereka mwana, ayambe ndi lamba wopingasa. Woweta njuchi ndi wolondera minda ya kumapiri asoke za pamapewa onse awiri. Woyenda panjinga m'fumbi kapena m'mvula awonjezere kathumba. Zonsezi zimafuna chubu chakutha, buluku lakale, mphete ziwiri ndi ulusi. Nthawi yabwino yosokera ndi ino mvula isanagwe, pamene ntchito ya kumunda ili yochepa, chifukwa chimanga chikangomera tiyenera kuyamba kuchiyendera sabata ndi sabata. Ophunzira amene akubwera m'chigawo chotsatira abwere ndi zipangizo zimenezi, ndipo tidzayezana ndi kusoka pamodzi tsiku loyamba tisanapite kumunda.